Yogati wa Greek asamangothera pa supuni, mulowetseni mu poto

Anthu ambiri akagula yogati wa Greek amangotsegula, kuthira shuga, kudya ndi supuni basi, kenako nkumadandaula kuti ndi wodula komanso wowawasa kwambiri. Koma eni ake ku Greece ndi ku Turkey samutenga ngati cha ana chotsekemera ayi, kwa iwo ndi chophikira, amakhala pa tebulo limodzi ndi nyama, buledi ndi masamba. Mukangomuona choncho mupeza kuti kabakete kamodzi kakugwirirani ntchito ya mayonezi, ya kirimu, ya mkaka wa mu zophikaphika, zonse.

Palibe matsenga pa yogatiyu. Ndi yogati wamba yemweyo koma wosefedwa, madzi ake achikasu anakhetsedwa ndiye chotsala chimakhala cholimba, supuni imaima yokha. Nchifukwa chake ali ndi mapuloteni ochuluka, pafupifupi magalamu 9 kapena 10 pa magalamu 100 aliwonse, pomwe yogati wamba amakhala ndi theka lake kapena kuchepera. Mukakhala mu shopu tembenuzani kabaketeko muwerenge kumbuyo, nambala ya mapuloteniyo ndi imene imaulula. Ena amalemba Greek style koma sanasefe, angomulimbitsa ndi sitachi, jelatini kapena kirimu, kukoma amakoma ndithu koma si chinthu chimodzi. Amene muli ku UK mwina munadabwapo kuti bwanji ena alemba Greek ena Greek style, nkhani yake inafika mpaka kukhoti ku London mu 2013, kampani ya Fage yochokera ku Athens inasumira Chobani ya ku America ndipo khoti linati wotchedwa Greek kumeneko akhale wopangidwa ku Greece komweko. Chachikulu, gulani wopanda shuga, wopanda sitiroberi kapena vanila. Wotsekemera kale simungamuthire adyo, mwadzitsekera nokha njira.

Ngati mtengo wake wakuopsani, kapena kwanuko sapezeka, sefani nokha. Tengani sefa muike pamwamba pa mbale yakuya, yalani kansalu koyera kopyapyala komwe mwakachapa bwino nkukawiritsa, osati chitenje chosuluka chonde, thirani yogati wamba wopanda shuga, vindikirani muike mu filiji. Pakatha maola 3 kapena 4 walimba kale, mukamusiya usiku wonse ndiye wolimbiratu. Musadabwe kuona kuti watsala pafupifupi theka, nchifukwa chake wa mu shopu amadula, mkaka umalowa wambiri. Madzi achikasu otsala mu mbale aja musataye, tiwafuna kutsogoloku.

Mukhozanso kuyambira pa mkaka weniweni. Wiritsani lita imodzi, makamaka ngati ndi wogula kwa alimi uwire ndithu, musiye uzizire mpaka chala choyera chizitha kukhalamo osapsa koma kutentha kukumvekabe, ndi cha m'ma digiri 43 mpaka 45. Thiranimo masupuni awiri a yogati wopanda shuga amene tizilombo take tabwino tija tili moyo, takasani, thirani mu fulasiki kapena kulungani poto ndi bulangete, maola 6 mpaka 8 osamugwedeza, osamasuzumira mphindi iliyonse. Akagwira muziziritse kenako sefani. Chambiko nachonso chimasefeka chimodzimodzi nkulimba, kungoti kakomedwe kake ndi kena chifukwa tizilombo tomwe timachisasitsa ndi tosiyana, koma pa zambiri zomwe ndinene pansipa chimagwira ntchito.

Zam'mawa sizifuna maphunziro. Agiriki amadya ndi uchi ndi mtedza wa walnut, ife mtedza wathu wokazinga wosinja pang'ono ukukwana bwinobwino, onjezani nthochi yakupsa kapena papaya kapena mango nyengo yake ikafika. Pa phala la mgaiwa kapena la oats ikani supuni ziwiri pamwamba mutaphula kale, m'mbale, osati likuwira. Malambe nawo amayenda koma dziwani kuti mwaphatikiza zowawasa ziwiri ndiye popanda uchi kapena nthochi nkhope ikwinyika.

Pomwe yogatiyu amaonetsa mphamvu zake ndi pa sosi, ndipo mfumu yake ndi tzatziki, uja amaika pa nyama yootcha ku Greece. Tengani nkhaka imodzi, isendeni ngati khungu ndi lolimba, chotsani njere, ipaleni pa gireta, waza kamchere musiye mphindi 10. Kenako finyani ndi manja kapena mu kansalu, finyani mpaka mudabwe kuti madzi onsewa anali mu kankhaka kamodzi eti. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, akathamangira kusakaniza osafinya sosi amasanduka madzimadzi pakangopita kanthawi. Nkhaka yofinyayo sakanizani ndi kapu imodzi ya yogati, kambewu kamodzi ka adyo kosinja kwambiri, supuni ya mafuta a olive ngati alipo, madontho a ndimu kapena viniga, mchere. Eni ake amaikamo timasamba tonunkhira ta dill kapena minti, mukapanda kupeza musadandaule. Ikani mu filiji ola limodzi kuti adyo alowerere, ndipo musapupulume kuonjezera adyo wina mutangolawa koyamba chifukwa akagonera ukali umakwera wokha. Ameneyu pa tchipisi, pa kanyenya, pa chambo chootcha, pa mbatata yootcha, ngakhale kungosunsa karoti wamuwisi, ana amene amakana masamba amatha mbale osazindikira.

Okonda tsabola sinjani kambuzi mmodzi musakanize ndi yogati, mchere ndi ndimu, fungo la kambuzi limatuluka lonse koma moto wake umatsika, chifukwa mapuloteni ndi mafuta a mu mkaka amagwira chomwe chimawotcha mkamwa chija, zomwe madzi akumwa sangathe. Amwenye anazidziwa kalekale, nchifukwa chake pambali pa biriyani pamakhala raita, yogati wosakaniza ndi nkhaka, anyezi, tomato ndi zonunkhiritsa. Kunena zoona kachumbali mukamuthira yogati mwatsala pang'ono kufika pa raita, ndipo pa mpunga wa Kilombero wokhala ndi nyama ya tsabola zimagwirizana kwambiri.

Pa saladi ya kabichi ndi karoti ija ya pa ukwati, kapena ya mbatatesi, kapena mazira owiritsa opaka mu buledi, ikani theka mayonezi theka yogati. Ine sindilimbikitsa kuchotseratu mayonezi yense ayi, anthu amazindikira ndipo amayamba kufunsa kuti saladiyi yasasa kodi. Theka ndi theka palibe amene amadandaula, imangopepuka mkamwa. Peyala lophwanya ndi foloko, supuni ya yogati, mchere ndi ndimu, pakani pa buledi, nkhani yatha.

Tsopano nkhuku. Nkhuku ya tandoori ya ku India ija chinsinsi chake ndi kugoneka nyama mu yogati, ndipo pa mbaula yathu yamakala zimatheka. Pa nkhuku imodzi yoduladula tengani kapu imodzi ya yogati, adyo, jinja wosinja, paprika, ufa wa curry, mchere, supuni ya mafuta ndi ndimu pang'ono. Chekani nyamayo timizere takuya mpaka pafupi ndi fupa makamaka ntchafu, pakani ndi manja kuti zilowe m'mizeremo, vindikirani muike mu filiji maola 4, usiku wonse ndiye bwino koposa. Ubwino wa yogati ndi woti asidi wake ndi wofatsa, amafewetsa nyama pang'onopang'ono, pomwe ndimu kapena viniga wambiri mukagonekamo nthawi yaitali kunja kwa nyama kumasanduka kwaufaufa. Komanso poti ndi wolimba amamatirira, zonunkhiritsa sizitsetserekera pansi pa mbale. Pootcha kankhani wochuluka uja ndi chala patsale wochepa, makala akhale oti ayera phulusa pamwamba osati malawi, chifukwa yogati amapserera msanga kunja kuda mkati mukadali magazi. Wotsala mu mbale momwe munali nyama yaiwisi tayani, musamuike pa tebulo ngati sosi, mudwalitsa nyumba yonse. Ndipo tisanamizane, tambala wa lokolo amene wakhala akuthamanga pabwalo zaka ziwiri yogati sangamufewetse mpaka mkati, ameneyo ndi wa mu poto, awire nthawi yake. Njirayi ndi ya nkhuku zachizungu, nyama ya mbuzi yanthete ndi nsomba, koma nsomba mphindi 30 zakwana.

Mu poto wotentha ndi momwe pamafunika kusamala. Yogati mukamuponya mu msuzi ukubwata amadukaduka, mumaona timibulu toyera tikuyandama ndi madzi payekha, kudyeka zimadyeka koma maso amakana. Chimachitika nchoti mapuloteni aja akakumana ndi kutentha kwadzidzidzi amakhwinyata nkufinya madzi kunja, ndipo wopanda mafuta uja, wolembedwa 0%, ndi amene amaduka msanga kwambiri, pophikira gulani wa mafuta ake onse. Ndiye chitani chonchi, mutulutseni mu filiji msanga kuti kuzizira kuchoke, phulani poto kapena chepetsani moto mpaka kubwata kusiye, tungani msuzi wotentha supuni ziwiri zitatu muthire mu yogatiyo m'kambale nkutakasa, onjezeraninso pang'ono, akafunda ndiye mumuthire mu poto mukutakasa. Mukatero asawirenso mwamphamvu. Ngati mukufuna kuti apitirize kuphikika pa moto sakanizani kaye ndi tiyisupuni imodzi ya cornflour (sitachi wa chimanga) kapena ufa wa tirigu pa kapu iliyonse, sitachiyo imamugwira kuti asaduke. Msuzi wa nkhuku wa curry, supu ya maungu, nyemba zophwanya, pasta ya adyo, zonsezi zimasalala bwino. Koma pa nkhwani wotendera kapena futali musiyeni, nsinjiro zikugwira kale ntchito yake, si chilichonse chimafuna kukonzedwa.

Pa zophika ndi ufa pali kanjira kena kosavuta moti koyamba simukhulupirira. Kapu imodzi ya yogati, kapu imodzi ndi theka ya ufa wa self-raising (wa tirigu wosakaniza kale ndi zotupitsa za soda), kamchere, kandani mphindi zochepa, ukamamata onjezani ufa, musiye upume mphindi 15, gawani timipira, papatizani ndi botolo ngati mulibe chopapatizira, ikani pa pani yotentha yopanda mafuta mphindi ziwiri mbali iliyonse mpaka atuluke matuza abulauni. Pakani majarini wosakaniza adyo akadali otentha. Yisiti ayi, uvuni ayi, kudikira kuti utupe ayi. Zimatheka chifukwa asidi wa mu yogati akakumana ndi soda amatulutsa mpweya womwe umatupitsa ufa, ndipo nchifukwa chomwecho chigumu kapena keke ya nthochi mukaikamo yogati m'malo mwa mkaka imatuluka yofewa, fungo la soda lija silimveka. Ngati walimba kwambiri musungunuleni ndi madzi kapena mkaka pang'ono. Madzi achikasu munasunga aja alowe pomwepa, kandirani mandasi, masikono kapena mapanikeke m'malo mwa madzi wamba.

Za ana akaweruka kusukulu, phwanyani mango kapena nthochi zakupsa kwambiri zija zatsala pang'ono kutayidwa, sakanizani ndi yogati ndi uchi pang'ono, thirani mu timapepala ta mafilizi kapena timakapu muike mu firiza. Tsekemeretsani kuposa mmene mukufunira chifukwa chinthu chikauma ndi kuzizira kutsekemera kumabisala. Supuni ya chiponde yosakaniza ndi supuni ziwiri za yogati ndi yabwino kusunsira magawo a apulo kapena nthochi. Kungoti mwana wosakwana chaka musamupatse uchi ngakhale pang'ono, ameneyo nthochi yokha ikwana kutsekemeretsa.

Dzuwa la Okutobala likafika povuta pangani ayran ya ku Turkey, yogati, madzi ozizira ndi kamchere, kutakasa mpaka thovu. Mchere mu chakumwa cha mkaka zimamveka zachilendo koma mukatuluka thukuta tsiku lonse thupi limaulandira. Amene mwakana mchere ikani mango ndi shuga, ndi lassi imeneyo. Ndipo mukamuthira mchere yogatiyu nkumusiya pa kansalu paja tsiku lonse ndi usiku wake mu filiji amalimba mpaka kumapakika ndi mpeni, ku Lebanon ndi maiko oyandikana nawo ameneyo ndi labneh, amadya m'mawa ndi buledi ndi mafuta a olive.

Kasungidwe kake, supuni yolowa mu kabakete ikhale yoyera ndi youma, osati yomwe mwanyambita kale, ndipo mukatsegula yesetsani kuti athe pasanathe sabata. Timadzi tikadikha pamwamba si kuonongeka, takasani kapena khuthulani. Koma mukaona nkhungu, mtundu wapinki, chivindikiro chatupa kapena akuchita thovu ndi fungo ngati la mowa, tayani yense, osangochotsa pamwamba pokha chifukwa mu chakudya chofewa nkhungu imalowa mpaka pansi. Magetsi akathima filiji isamatsegulidwe pafupipafupi, maola pafupifupi 4 imasungabe kuzizira, ndipo ngati kwanuko amathima kawirikawiri ndi bwino kumasefa wochepa wokwana masiku awiri atatu kusiyana nkugula chibakete cha kilo.