Kusankha graphics card yakale yoseweretsa magemu: yambani ndi kompyuta yanu

Musanayambe kufunsa mitengo ku Blantyre kapena m'magulu a pa WhatsApp, tsegulani kaye kompyuta yanu muone zinthu ziwiri: kukula kwa bokosi ndi mawati olembedwa pa power supply, kabokosi kogawira kompyuta magetsi. Makompyuta ambiri amene ophunzira a ku Chikanda ndi achinyamata a ku Matawale kapena Chinamwali amaseweretsa ndi aja anagwirapo ntchito m'maofesi akunja, monga Dell OptiPlex ndi HP EliteDesk. Aang'ono mwa amenewa amakhala ndi power supply ya mawati 180 mpaka 240, ndipo alibe chingwe chopatsira magetsi graphics card, khadi lomwe limajambula zithunzi za gemu pa sikirini. Mpata wa PCIe, momwe khadi limalowa, pawokha umapereka mawati 75 basi. Chingwe cha mapini 6 chimawonjezera ena 75, cha mapini 8 chimawonjezera 150. Manambala atatuwa ndiwo akuuzeni makhadi amene muyenera kuwaiwala ngakhale atatchipa chotani.

Ngati bokosi lanu ndi laling'ono, mpikisano uli pakati pa GTX 750 Ti ya 2014, GTX 1050 Ti ya 2016 ndi GTX 1650 ya 2019, ndipo muyenera kupeza mtundu wa low profile, womwe ndi waufupi wokwana m'bokosi lotere, apo ayi chitseko sichitsekeka. GTX 750 Ti imadya mawati 60 ndipo imayendetsa bwino GTA V, PES 2021 ndi Euro Truck Simulator 2, koma memory ya 2GB imene zambiri zimabwera nayo yatha ntchito pa magemu atsopano. GTX 1050 Ti ili ndi 4GB, imadya mawati 75, ndipo ndiyo khadi lotsikitsitsa limene EA inalemba kuti likufunika pa FIFA 23. Kwa munthu wokonda mpira, malire ndi amenewo. GTX 1650 imaiposa moonekeratu pa magetsi ofanana, ndiye mitengo ikayandikana tengani imeneyi.

Nkhani imasintha mukakhala ndi bokosi lalikulu komanso power supply ya kampani yodziwika ya mawati 450 kapena 500. Apa RX 570 ya 2017 imaisiya kutali GTX 1050 Ti, pa magemu ambiri ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kuposerapo, komabe kawirikawiri imagulitsidwa pa mtengo wofanana nayo. Chifukwa chake n'chakuti imafuna mawati 150 ndi chingwe, choncho makasitomala ake ndi ochepa. Pamwamba pake pali RX 580 ndi GTX 1060 ya 6GB, zomwe zimathamanga mofanana. Kusiyana kwake kuli pa magetsi: 1060 imadya mawati 120, RX 580 imadya 185. Poyerekeza ndi khadi la mawati 75, RX 580 yosewera maola anayi tsiku lililonse imakudyerani mayunitsi ena pafupifupi 13 pa mwezi, ndipo ngati mumadalira inveta kapena UPS magetsi akazima, batire lidzatha msanga.

Mayina amapusitsa kwambiri pamsika uwu. GTX 1060 ya 3GB si 1060 yochepa memory kokha; ili ndi ma CUDA core (timagawo ta chip togwira ntchito yojambula) 1152 pomwe ya 6GB ili ndi 1280. RX 580 yolembedwa 2048SP kwenikweni ndi RX 570 yovala dzina la mkulu wake, chifukwa yeniyeni ili ndi timagawo totere (ma shader) 2304, osati 2048. GT 1030 ili m'mitundu iwiri, ya memory ya GDDR5 ndi ya DDR4, ndipo ya DDR4 imathamanga pafupifupi theka la inzake. Wogulitsa akamatamanda GT 730 ya 4GB musatengeke. Kuchuluka kwa memory sikupatsa khadi liwiro, ndipo GTX 750 Ti ya 2GB imaigonjetsa popanda kulimbana. GTX 970 nayo ili ndi 4GB pa bokosi, koma 3.5GB yokha ndiyo yothamanga.

Palinso makhadi abodza. Ofala kwambiri ndi GTS 450 yakalekale imene anaisintha BIOS (pulogalamu ya mkati mwa khadi) kuti izidzitchula GTX 1050 Ti. Chizindikiro chosavuta n'chakuti makhadi a m'badwo wa GTX 10 satulutsa chithunzi cha VGA, ndiye mukaona bowo la buluu la VGA kumbuyo kwa 1050 Ti, kaikirani pomwepo.

Poyesa, pitani ndi flash yokhala ndi mapulogalamu oyesera khadi a GPU-Z, FurMark, Unigine Heaven ndi MSI Afterburner, kuti musadalire bandulo ya wogulitsa. Yambani ndi GPU-Z: onani dzina la chip, mtundu wa memory ndi kuchuluka kwa ma shader. Pulogalamuyi imalemba kuti FAKE pa makhadi ambiri osinthidwa. Kenaka yendetsani FurMark kwa mphindi 15 mukuyang'ana kutentha. Madigiri 70 mpaka 80 ndi abwinobwino. Khadi likadutsa 85 m'mwezi wozizira ngati June, dziwani kuti mu October, Zomba ikatentha, lidzayamba kudzichepetsa liwiro lokha kapena kuzimitsa kompyuta. Mverani fani ngati ikukhuluza, ndipo penyetsetsani sikirini: timadontho tobiriwira, mizere kapena kuthwanima ndi chizindikiro cha memory yomwe ikufa, ndipo zimenezo sizikonzeka ndi thermal paste, phala lothandiza kuziziritsa chip.

Kuyerekeza makhadi awiri kumafuna chilungamo. Aikeni m'kompyuta imodzimodzi, gemu imodzi, pa 1080p, zosankha zofanana, malo amodzimodzi a m'gemumo, V-Sync itazimitsidwa. Musanachoke pa khadi la Nvidia (GT ndi GTX) kupita pa la AMD (RX) chotsani madalaivala akale ndi pulogalamu ya DDU. Pa Afterburner musangoona avareji ya mafelemu, kutanthauza zithunzi zimene khadi likutulutsa pa sekondi. Onaninso 1% low, yomwe imaonetsa pamene mafelemu amagwa kwambiri. Khadi lopereka mafelemu 70 koma n'kumagwa kufika pa 25 limasewereka moipa kuposa lokhazikika pa 55. Mukaona kuti khadi likugwira ntchito pa 60% yokha pomwe purosesa ili pa 100%, vuto si khadi, ndipo kugula lamphamvu kuposa pamenepo ndi kutaya ndalama. Zimachitika kwambiri pa Core i3 zakale, komanso pa kompyuta yokhala ndi RAM imodzi yokha ya 8GB m'malo mwa ziwiri.

Ma RX 570 ndi 580 ambiri anagwira ntchito yokumba ndalama ya pa intaneti ya Ethereum usana ndi usiku mpaka 2022. Zimenezo pazokha si imfa ya khadi, koma mafani amakhala atatopa ndipo ena ali ndi BIOS yosinthidwa imene dalaivala wa AMD amaikana. Muuzeni wogulitsa aike dalaivala watsopano inu mukuona. Pewaninso GTX 660, 760 ndi 770, popeza Nvidia inasiya kuwatulutsira madalaivala a magemu mu 2021.

Musalumikize khadi la mapini 8 ndi adaputala yochokera pa chingwe cha SATA, chifukwa chingwecho sichinapangidwire mawati amenewo ndipo chimasungunuka. Ndalama ya pa Airtel Money kapena Mpamba itumizeni khadi litapirira mphindi 15 zija pamaso panu. Mukafika nalo kunyumba, pukutani fumbi, sinthani thermal paste ngati yauma, ndipo kompyuta muilumikize kudzera pa surge protector, chifukwa magetsi akamabwerera ndi pamene power supply zotchipa zimapsa n'kupsereza khadi limodzi nazo.