Momwe mungasungire ma requirements a polojekiti kuti chilichonse chilondoleke

Tiyerekeze kuti gulu lanu likupanga makina ochenjeza anthu madzi asanasefukire: kachipangizo koyeza msinkhu wa madzi pa Ruo kapena Shire, sola ndi batire, ndi kompyuta yotumiza SMS ku makomiti a m'midzi ya ku Nsanje ndi Chikwawa. Zimene makinawa ayenera kuchita, zomwe mainjiniya amati ma requirements, zimachulukana msanga, ndipo zikasungidwa chisawawa palibe amadziwa kuti ichi chinachokera kwa yani.

Yambani ndi kuzigawa m'magulu. Pamwamba ikani zosowa za anthu, chilichonse ndi nambala yake, monga STK-004: "Anthu a ku Makhanga achenjezedwe madzi asanafike." Pansi pake pabwere zofunika za makina onse, kenako za chipangizo chilichonse, pomaliza mayeso. IBM DOORS, pulogalamu ya pakompyuta yosungira ma requirements, imasunga magulu otere m'zigawo zotchedwa ma module. Jama Connect ndi Polarion nazonso zimalola kugawa motere.

Chiganizo chimodzi chinene chinthu chimodzi, choyezeka. "Batire ikhale yolimba" sichithandiza aliyense. Lembani kuti SYS-031: "Chipangizo chigwire ntchito maola 72 popanda dzuwa." Amene anaona mvula ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 akudziwa kuti sola imagona nthawi yomwe chenjezo likufunika kwambiri. Kutentha nakonso kukhale ndi mzere wakewake, chifukwa kuchigwa kuno kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, ndipo batire yotsekeredwa m'bokosi lachitsulo imatha msanga.

Nambala ya requirement isasinthe ndipo isaperekedwe kwa ina, ngakhale yoyambayo itafufutidwa. Apa ndi pomwe ogwiritsa Excel amagwa: amatenga nambala ya mzere ngati dzina, wina akasanja mizere mwatsopano, zolumikiza zonse zimaloza polakwika. Excel siyoletsedwa pa ntchito yaing'ono, koma dzinalo likhale m'kolamu yakeyake. Pambali pake lembani gwero, mwini wake, ngati yavomerezedwa, ndi njira yotsimikizira: kuyesa, kuyendera, kuwerengera kapena kuonetsa.

Tsopano lumikizani. SYS-031 iloze m'mwamba ku STK-004, ndipo mayeso TST-012 aloze ku SYS-031. Gwirizanani njira imodzi, mwana kuloza kwa kholo, apo ayi malipoti adzatuluka osokonekera. Sabata iliyonse funsani pulogalamu mafunso awiri: ndi ziti zopanda kholo, ndipo ndi ziti zopanda mayeso? Yopanda kholo nthawi zambiri ndi chinthu chomwe injiniya anangochikonda, chodya ndalama popanda wochipempha. Yopanda mayeso ndi lonjezo lomwe palibe adzalitsimikize tsiku lopereka ntchito.

Phindu lenileni limaoneka zinthu zikasintha. Mtsinje ukakwiririka ndi mchenga, msinkhu wochenjezera umasintha. Mukasintha requirement imeneyo, DOORS ndi Jama zimaika chizindikiro cha suspect, kutanthauza chokayikitsa, pa zolumikizidwa nayo. Musachotse zizindikirozo zonse pakamodzi pofuna kuti lipoti lioneke loyera. Tsegulani chimodzichimodzi, muone ngati malo omangira chipangizo, mawu a SMS ndi mayeso akadali olondola.

Musanapereke ntchito kwa kontilakitala, tsekani baseline, kope losasinthika la ma requirements onse momwe alili tsikulo, kuti mawa pakabuka mkangano pakhale poloza. Mutumizireni mu ReqIF, mtundu wa fayilo yosinthanirana ma requirements pakati pa mapulogalamu, ngati pulogalamu yake ndi yosiyana ndi yanu. Mukakopera mu Word, mawu amafika koma zolumikiza zimatsala m'mbuyo.