Musanaloze chala mbuzi ya aneba

Chaka chatha ndinatsala pang'ono kudana ndi aneba chifukwa cha chimanga. Ndinadzuka m'mawa n'kupeza mizere iwiri itagona pansi, ndipo m'mutu mwanga mlandu unali utatha kale: mbuzi ikalowa m'munda chimanga chimathyoka, apa chathyoka, ndiye kuti mbuzi yawo yalowa. Ndikuvala nsapato, mayi a kunyumba anangofunsa kuti, "Bambo, mapazi a mbuzi mwawaona?" Panalibe ngakhale limodzi. Inali mphepo ya usiku.

Katswiri wa maganizo a anthu Philip Johnson-Laird anafotokoza m'buku lake la 1983 kuti tikamaganiza timapanga kachithunzi m'mutu ka mmene zinthu zilili, n'kutenga yankho pa kachithunziko. Maganizowa anayamba ndi katswiri wina, Kenneth Craik, mu 1943. Vuto n'lakuti chithunzi choyamba chikangobwera, ambirife timakhutira nacho, osafunanso china.

Ndiye ine masiku ano ndimachita izi. Choyamba, chithunzicho chichotseni m'mutu, chiikeni pamkeka. Tengani zitsekerero zitatu za mabotolo, china chikhale sopo, china mchere, china shuga. Wina akuuzeni kuti pa shelefu sopo ali kumanzere kwa shuga, mcherenso uli kumanzere kwa shuga. Chili kumapeto kwenikweni kumanzere n'chiyani? Mdzukulu wanga anayala sopo, mchere, shuga, n'kuyankha mwachangu kuti sopo. Ndinangosinthanitsa zitsekerero ziwirizo: mchere, sopo, shuga. Zonse zomwe anauzidwa zikadali zoona, koma yankho lake lagwa. Anakwiya pang'ono, ati ndamubera.

Ntchito yaikulu ndi imeneyo. Funafunani dala chithunzi china chimene mawu onse munauzidwa akhalabe oona koma yankho lanu likhale labodza. Mukachipeza, yankholo lisiyeni. Mukayesa njira zonse osachipeza, ligwireni.

Mawu oti "ikatere, chimatere" ndi amene amapusitsa kwambiri, ndipo pamenepa musadalire mutu, tengani pepala. Zithunzi zikachuluka, mutu umataya zina m'njira. Za mbuzi zija zili ndi zithunzi zitatu. Mbuzi yalowa, chimanga chathyoka. Mbuzi sinalowe, chimanga chili bwinobwino. Mbuzi sinalowe, komabe chimanga chathyoka, kaya ndi mphepo, kaya ndi chiswe, kaya ndi ana othamangitsa mpira. Ine ndinaona choyamba chokha. Chachitatucho sichibwera chokha, mpaka muchikoke.

Mukalemba zitatuzi, fafanizani zimene sizikugwirizana ndi zomwe maso anu aona. Chimanga chothyoka chimakusiyirani zithunzi ziwiri, choncho simunadziwe kanthu za mbuzi, pitani mukayang'ane mapazi ndi masamba odyedwa. Koma mukapeza chimanga chonse chili chiimire, chatsala chithunzi chimodzi basi, ndipo pamenepo mutha kulumbira kuti mbuzi sinalowe.