Momwe mungachitire low-level format pa hard disk yakale ya MFM

Ma hard disk a m'ma 1980, olemba deta mwa njira yotchedwa MFM, monga Seagate ST-225 ya 20 MB, sankabwera ndi ma sector (tizigawo tosungiramo deta) olembedwa kale monga za masiku ano. Khadi la controller, lolumikiza diski ndi kompyuta, ndi limene limajambula mizere ndi ma sector pa mbale, ndipo controller iliyonse ili ndi kalembedwe kake. Diski yolembedwa ndi khadi la Western Digital ikasamukira ku khadi la Adaptec, kawirikawiri siwerengeka. Choncho low-level format, kutanthauza kujambula mizere ndi ma sector kumeneku, ichitidwe ndi khadi lomwelo limene diskiyo idzakhale nalo.

Chifukwa china ndi kukalamba. Pa madiski ambiri akalewa mitu yowerengera ndi kulembera deta imayendetsedwa ndi stepper motor, yomwe imangowerenga masitepe osaona pomwe mzere uli. Zitsulo zikamafufuma ndi kutentha, mutu umayamba kuphonya mzere, DOS n'kumalemba "Sector not found". Kujambulanso mizere kumakonza zimenezi, koma kumafufuta zonse. Koperani mafayilo anu kaye.

Yambani ndi zingwe. Pali ziwiri: chachikulu cha mapini 34 cholamulira diski, ndi chaching'ono cha mapini 20 chonyamula deta. Mzere wofiira wa m'mphepete upite ku pini 1 mbali zonse. Diski ya kumapeto kwa chingwe chachikulu ikhale ndi terminator, kachipangizo ka ma resistor kotsekera mapeto a chingwecho.

Kenako lembani papepala manambala a diski yanu. ST-225 ili ndi masilinda 615 (silinda ndi mizere yoyang'anizana pa mbale zonse), mitu 4 ndi ma sector 17 pa mzere, sector iliyonse mabaiti 512. Write precompensation, kusintha pang'ono nthawi yolembera pa mizere yam'kati, imayambira pa silinda 300. Pamwamba pa diski pamakhala kapepala komata, kamene kali ndi mndandanda wa malo owonongeka omwe fakitale inapeza, silinda ndi mutu wake. Koperaninso zimenezo musanamange diski m'bokosi, chifukwa ikalowa simuziona.

Mangani diskiyo mmene idzakhalire masiku onse. Ngati idzagona chafufumimba, igone choncho. Ngati idzaima chammbali, iime chammbali. Yatsani kompyuta ndi kuisiya pafupifupi theka la ola kuti itenthe. Ambiri amadumpha apa, ndipo mizere yojambulidwa diski ili yozizira imavuta kuwerenga ikatentha.

Pa kompyuta ya mtundu wa IBM XT, pulogalamu yofomatira ili m'kati mwa ROM ya controller. Yatsani ndi floppy ya DOS yomwe ili ndi DEBUG, lembani DEBUG, ndipo pakaoneka kamzere lembani G=C800:5. Adilesi imeneyi ndi ya makhadi ambiri a Western Digital. Ya Adaptec ndi G=C800:CCC, ya OMTI ndi G=C800:6. Kompyuta ikangoima osayankha, mwalowetsa adilesi yolakwika, izimitseni n'kuyambanso. Pa IBM AT njira ya DEBUG siigwira, chifukwa controller yake ilibe ROM yotere. Pamenepo sankhani mtundu wa diski mu setup, ST-225 ndi type 2, kenako gwiritsani ntchito IBM Advanced Diagnostics, SpeedStor kapena Ontrack Disk Manager.

Funso lofunika kulilingalira bwino ndi la interleave. Mbale zimazungulira ka 3,600 pa mphindi, ndipo kompyuta yochedwa ikawerenga sector 1 imakhala isanakonzeke pamene sector yotsatira ikudutsa pansi pa mutu. Ndiye ma sector amayalidwa modumphadumpha. Pa interleave 3, mzere wonse umawerengedwa mbale zikazungulira katatu. Mukapanikiza kwambiri, mwachitsanzo kuika 1 pa XT ya 4.77 MHz, controller imaphonya sector iliyonse n'kudikira kuti ibwerenso, ndipo mzere umodzi umadya maulendo 17. Kutalikitsa pang'ono kumangochedwetsa pang'ono, kupanikiza kumachedwetsa koopsa. IBM inaika 6 pa XT ndi 3 pa AT. Pulogalamu yakale ya SpinRite imatha kuyesa nambala yoyenera n'kuisintha osafufuta deta.

Pulogalamu ikafunsa za malo owonongeka, lowetsani onse a papepala lija, ngakhale amene akuoneka abwino lero. Fakitale inawayesa ndi zida zakuthwa kuposa controller yanu. Malo otere amalandira fayilo bwinobwino, patapita miyezi fayiloyo n'kukana kutseguka. Mukavomera ndi Y mudzamva mitu ikugunda pang'onopang'ono, silinda ndi silinda, kwa mphindi zingapo. Musazimitse, musagwedeze tebulo.

Pali msampha wa RLL, njira ina yolembera deta mothithikana kuposa MFM. Controller ya RLL imalemba ma sector 26 pa mzere, moti ST-225 imaoneka ngati yakula kufika 30 MB. Seagate inkagulitsa ST-238R pa ntchito imeneyo, mbale zake zoyesedwa kuti zipirire kalembedwe kothithikana. ST-225 wamba imatha kuvomera poyamba, kenako zolakwika n'kumachuluka.

Low-level format ikatha, DOS sinaidziwebe diskiyo. Yendetsani FDISK kupanga partition (chigawo cha diski chimene DOS idzagwiritse ntchito), kumbukirani kuti pa DOS 3.3 partition imodzi sipitirira 32 MB, ndipo muiike kukhala active kuti kompyuta iziyambira pamenepo. Yatsaninso ndi floppy, lembani FORMAT C: /S, kenako CHKDSK kuti muone mabaiti omwe ali m'malo owonongeka. Nambalayo ilembeni. Ikamakwera mwezi ndi mwezi, vuto lili pa mbale kapena mitu, ndipo kufomata sikungathandize.

Zonsezi ndi za MFM ndi RLL basi. Diski ya IDE, mtundu umene unabwera pambuyo pake, inajambulidwa kufakitale, ndipo zina zoyambirira zimataya mndandanda wa malo owonongeka mukazikakamiza. Ya MFM ija, musanainyamule kupita nayo kwina, yendetsani pulogalamu ya PARK kuti mitu itere pamalo opanda deta.