Kuyendera wodi ya odwala matenda a maganizo: zoona ndi zofunsa

Wodwala matenda a maganizo akadandaula, anthu amafulumira kunena kuti ndi matendawo akulankhula. Motero woyendera, kaya wachokera ku Unduna wa Zaumoyo, ku ofesi ya Ombudsman kapena ku Malawi Human Rights Commission, ayenera kudzionera yekha.

Musalengeze tsiku, chifukwa mukatero mudzapeza pansi pokolopa bwino ndi mabulangete otulutsidwa dzulo lomweli. Pitani atatu: namwino wodziwa matendawa, wa ku ofesi ya chisamaliro cha anthu, ndi mayi woti acheze ndi odwala aakazi. Fikani m'mawa anamwino akusinthana, ndipo mukhalepo mpaka nsima ya masana igawidwe.

Yambani ndi kuwerenga: odwala, mabedi, anamwino a usiku, kenako muyerekeze ndi kaundula. Mafayilo khumi a odwala sankhani nokha. Onani tsiku limene munthu adagonekedwa, tsiku limene dokotala adamuona komaliza, ndi ngati abale adadziwitsidwa. Chipatala ngati cha Zomba Mental chimalandira anthu ochokera m'maboma akutali, ndiye funsani ndi angati adachira koma akudikirabe wowatenga.

Pa mankhwala musathamange. Tengani khadi ya sitoko, yolembapo mankhwala olowa ndi otuluka, muwerenge zimene zili pa shelefu, muone masiku amene mankhwala adatha. Chlorpromazine ndi haloperidol, mankhwala a matenda a maganizo, amatha kuumitsa thupi: khosi kupindika, manja kunjenjemera, dovu kuchucha, munthu kuyenda mokhwekhwereza mapazi. Mukaona zimenezi funsani ngati benzhexol alipo, poti ndiye amachepetsa kuumako. Benzhexol akasowa, wodwala amatha kudana ndi mankhwala onse, ndipo akafika kwawo n'kungowasiya. Jakisoni wa fluphenazine, wa matenda omwewa, amabayidwa patapita milungu ingapo, choncho onani ngati masiku akutsatidwa. Phenobarbitone wa khunyu akadukiza mwadzidzidzi, munthu amayambanso kugwa, mwina moopsa kuposa kale. Wodi yonse ikakhala ili mtulo dzuwa lili paliwombo, musati ndi mtendere. Mwina mlingo wa mankhwala wakwezedwa chifukwa antchito ndi ochepa.

Lowani m'chipinda chotsekeramo odwala ovuta. Pakhale buku lolembamo amene adalamula, chifukwa chake, nthawi yolowa ndi yotuluka, komanso kangati namwino adasuzumira. Buku likasowa, yang'anani m'manja ndi m'akakolo mwa odwala: zipsera za chingwe sizibisika.

Chezani ndi odwala pambali, wantchito aliyense asakumva. Funsani zapafupi: mwadya chiyani dzulo, mwasamba liti, usiku mukaitana amabwera ndani? Mayina awo asalowe mu lipoti, chifukwa inu mukapita iwo amatsala ndi anthu omwewo.

Anamwino nawonso amvereni. Zambiri zolakwika zimachokera pa bajeti ndi kuchedwa kwa mankhwala, zimene iwo sangakonze okha. Mu lipoti, vuto lililonse likhale ndi udindo wa woyenera kulikonza ndi tsiku lomaliza. Pakatha miyezi itatu bwererani, osalengezanso, lipoti lomwelo lili m'manja.