Momwe mungathetsere banja la nikaha (ukwati wa Chisilamu) mu Blantyre: talaka, ana ndi chithandizo

Kuno ku Malawi kulibe khoti la Shariya, malamulo a Chisilamu. Shehe amaweruza za chipembedzo, koma chigamulo chokakamiza munthu kutulutsa ndalama kapena kubweza mwana chimachokera kukhoti la boma. Lamulo la maukwati la 2015 lidaika nikaha pamlingo umodzi ndi maukwati ena, choncho njira zilipo ziwiri ndipo muyende zonse.

Yambani ndi ankhoswe. Qur'an (4:35) imati pakhale woyanjanitsa wa kuchimuna ndi wina wa kuchikazi. Zikakanika, pitani kwa shehe amene adamanga nikaha mutanyamula setifiketi yake. Mwamuna amapereka talaka, mawu osudzula mkazi. Mkazi atha kupempha khulu, chisudzulo chochita kupempha mkazi, pomwe kawirikawiri amabweza mahari (mphatso yomwe mwamuna adam'patsa pa nikaha), kapena kupempha shehe kuti authetse ukwatiwo ngati pali nkhanza kapena bambo adasiya kusamala pakhomo. Talaka ilembedwe papepala, tsiku lioneke, mboni ziwiri zisayine. Ya pa WhatsApp ija mawa lake mwini wake amaikana. Tsikulo ndi lofunika chifukwa eda, nthawi yomwe mkazi amadikira asanakwatiwenso, imawerengedwa kuchokera pamenepo: kusamba katatu, kapena mpaka kubereka ngati mayi ndi woyembekezera. Pa eda ya talaka yoyamba kapena yachiwiri, pogona ndi chakudya zili pa mwamuna, ndipo atha kubwererana popanda nikaha yatsopano.

Kenako kukhoti. Kalaliki wa khoti la majisitireti, kaya ku Limbe kaya m'tauni, akuuzani ngati nkhani yanu ndi ya pomwepo kapena ya ku High Court ku Chichiri, komwe kuli nthambi ya za mabanja. Lipirani pawindo, mutenge risiti ya boma. Madobadoba okukodolani pageti kuti amadziwana ndi abwana, apitirireni. Ngati m'thumba mwauma, loya mukam'funse ku Legal Aid Bureau.

Pamene ambiri amagwa mphwayi ndi pa chithandizo cha ana. Mayi amaimirira n'kunena kuti "bamboyu ali ndi ndalama", bambo n'kuyankha kuti geni idagwa, nkhani n'kuthera pa kandalama kosakwana ndi ufa womwe. Khoti limayang'ana zinthu ziwiri, zosowa za mwana ndi mapezedwe a makolo onse awiri, ndipo zonsezi zimafuna umboni. Lembani ndalama zomwe mwana aliyense amathera pamwezi: fizi, yunifolomu, za kumadrasa, minibasi, chakudya, gawo lake la lendi. Sungani marisiti ndi buku la kuchipatala. Ngati bambo ali pantchito, tchulani komwe amagwira kuti khoti liitanitse pepala la malipiro. Ngati ndi wa geni, nenani zooneka: shopu ili pati, minibasi nambala yake ndi chiyani, nyumba za lendi ndi zingati. Pemphani kuti chigamulo chitchule ndalama yeniyeni ndi tsiku lolipira, fizi payokha. Mawu oti "azithandiza" simungamusumire nawo munthu. Ndalamazo zizidzera kubanki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, kuti miyezi yodumphidwa izioneka.

Za kosunga ana, Chisilamu chimatsogoza mayi pa ana aang'ono, udindo wowadyetsa n'kukhalabe wa bambo. Khoti limatsata lamulo la ana la 2010, lomwe limafunsa chimene chingamukomere mwanayo, ndipo litha kutuma a Social Welfare kudzaona pakhomo. Masiku oti kholo linalo lizionana ndi ana alembedwenso.

Za katundu muzitchule pamlandu womwewo. Chigamulo chikatuluka tengani kope yodindidwa, ndipo munthu akasiya kulipira bwererani nayo kukhoti lomwelo.