Musathamangire kuonjezera madeya, chifu cha ng'ombe chimasasa

Ng'ombe ikangobereka, alimi ambiri a mkaka amadzaza chodyera ndi madeya kuti mkaka utuluke wambiri. Madeyawo si olakwika. Chimene chimagwetsa ng'ombe ndi kuwaonjezera mwadzidzidzi.

M'chifu chachikulu cha ng'ombe muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timagaya chakudya. Ng'ombe ikadya zinthu za sitalichi wambiri monga madeya, chimanga chogaya kapena chinangwa, mabakiteriya otchedwa Streptococcus bovis amaswana mofulumira n'kumatulutsa asidi wa lactic, yemwe uja amasasitsa chambiko. M'chifu cha ng'ombe yathanzi asidiyu sakhalitsa, chifukwa muli mabakiteriya ena, makamaka Megasphaera elsdenii ndi Selenomonas ruminantium, amene amamudya n'kumusandutsa asidi wofatsa yemwe ng'ombe imapezamo mphamvu. Tsono nayi nkhani: opanga asidi amachuluka m'maola ochepa chabe, koma odya asidi amafuna masabata awiri kapena atatu kuti achuluke mokwanira. Mukasintha chakudya lero ndi lero, asidi amaunjikana popanda womuchotsa.

Kusasaku kumayezedwa ndi muyezo wotchedwa pH: nambala yake ikamatsika ndiye kuti asidi akuchuluka. Chifu chabwino chimakhala pakati pa 6 ndi 7. Ikatsika pansi pa 6, tizilombo togaya udzu timayamba kufooka. Ikafika cha pa 5, odya asidi aja nawonso amafa, mabakiteriya a Lactobacillus n'kulowa m'malo ndi kuonjezera asidi wina. Apa chifu chimasiya kutakasa, madzi a m'thupi amakokedwera m'mimba, ndipo ng'ombe ikhoza kufa pasanathe masiku atatu.

Simukusowa makina kuti muzindikire. Imani pakhola masana ng'ombe zitagona. Ng'ombe yabwino imakhala ikubzikula. Yangoti ndwii kukamwa kuli zii, ikayikireni. Yang'ananinso ndowe. Zikakhala zamadzi, zotuwa, za thovu, zonunkha kuwawasa, nthawi zina muli timaso ta chimanga tosagayika, chifu chasasa. Ng'ombe yotere imadya bwino lero, mawa n'kukana, mkaka umatsika ndi kuchepa mafuta. Pakapita masabata imayamba kutsimphina, mwini wake n'kumada matope a m'khola pamene gwero lake ndi chodyera.

Mankhwala oyamba ng'ombe ili nawo kale: malovu. Ng'ombe yaikulu imapanga malita oposa 100 a malovu patsiku, ndipo muli soda amene amachepetsa asidi. Malovuwa amabwera ikamatafuna ndi kubzikula. N'chifukwa chake ndimalimbikira kuti m'mawa muyambe ndi nsenjere, udzu wouma kapena masangwe a mtedza, madeya abwere pambuyo. Nsenjere muidule ndithu, koma musaisinje ngati ndiwo za mwana, ng'ombe ipeze chotafuna.

Madeya yambani pang'ono kukatsala masabata atatu kuti ibereke. Ikabereka onjezerani theka la kilogalamu pakapita masiku awiri kapena atatu. Musaipatse oposa makilogalamu awiri kapena atatu pa nthawi imodzi. Gawani chakudya cha tsikulo kawiri kapena katatu. Chenjeraninso ndi madeya a ufa wambiri, oyererapo aja. Ndowa yake ndi yomweyo, koma sitalichi wake ndi wochuluka, ndiye mukasintha chigayo kapena wogulitsa gwirani m'manja muone. Masese, nsima yotsala ndi mango akugwa, zonsezi ziwerengereni pamodzi ndi madeya.

Nanga ng'ombe ikamasuka usiku n'kubowola thumba la chimanga? Musapusitsike poiona ili bwinobwino m'mawa, zizindikiro zimatha kuchedwa mpaka tsiku lathunthu. Chotsani madeya onse, ipatseni udzu wouma wokha, musailole kumwa madzi ambiri nthawi imodzi, ndipo itanani mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo. Soda wophikira amathandiza ikadali chilili, koma muyezo wake aunene ndi mlangizi. Ng'ombe yogona kale musaimwetse mokakamiza, madzi angalowere kumapapo.